Nambala Yopanda Mutu

Mlatho wa pamtsinje wa kumunsi unapita ndi madzi Lolemba m'mawa, ndiye Sajeni Stella Nakoma anadziwiratu kuti galimoto ya ku boma siibwera. Zimene anatsala nazo pa kapolisi ka pa esiteti ya Nakhuwa ndi wapolisi mnzake mmodzi, a Winston, mfuti imodzi ya zipolopolo zinayi, ndi chitolokosi cha chitseko chathabwa choti ngakhale tonde wokwiya akhoza kuchigumula. M'chitolokosimo munali a Andrea Zuze, kapitawo wa anthu opopera mankhwala m'minda ya tiyi.

Mlandu wake unali wa magazi. Lamulungu masana, anthu ali ku tchalitchi, a Pilato, wosunga nyumba ya mankhwala, anapezeka ali kwala pakati pa zigubu, mutu utaphwanyika kunkhongo. Chitseko cha nyumba imeneyo n'chachitsulo. Sichidziwa kiyi, chimatseguka ndi khadi basi, polowa ndi potuluka pomwe, ndipo makina amalemba nambala ya khadi lililonse lachikhudza. Mkulu wa alonda, a Godwin, ndi amene anabweretsa mapepala a makinawo tsiku lomwelo, pamodzi ndi buku la makhadi a antchito a m'munda. Pepala lomaliza linkati khadi 00000023 linalowa itangokwana 12 koloko, n'kutuluka patapita mphindi makumi awiri. M'bukumo nambala 23 inali ya a Andrea.

Lero linali Lachiwiri. Maliro a a Pilato anali oika 2 koloko masana, ndipo anthu a ku malayini, kunyumba za antchito, sanabise mawu: akachoka kumanda abwera kudzatenga munthu wawo. Petulo anali atamupeza kale. Stella anali atagwira ntchito ya upolisi zaka khumi ndi zinayi, anali ataonapo zimene khamu limasiya pansi likamaliza, ndipo m'mawa umenewo anadzuka ndi mantha.

Anakhala pa benchi moyang'anizana ndi a Andrea, bambo woonda wa imvi za m'mbali, amene anawoloka malire ali mnyamata nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki n'kukalambira m'minda yomweyi.

"Bambo, ndikufunsaninso kachitatu. Lamulungu munali kuti?"

"Ndinapita kutsidya, madamu, kumanda a mayi anga kuseri kwa Milanje. Mvula yakumba mtumbira, ndinakaikapo miyala."

"Anakuonani ndani?"

"Ndinadzera njira ya kumadzi, yozemba chipata cha malire. Wodzera kumeneko safuna kuonedwa."

"Nanga khadi lanu?"

"Linali pa msomali kunyumba, pomwe munalipeza inu. Kutsidya sindipita nalo."

"Lachisanu munakangana ndi malemu. Anthu asanu anakumvani."

A Andrea anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndinangoti, a Pilato, mankhwala mukundipatsawa ndi madzi a pachitsime, tapopera katatu udzu ukungotiseka. Iwo anapsa mtima, eya, amvekere ndikuwatcha mbala. Koma madzulo anabwera kwathu. Anati, kumpadre, bwenzi langa, ndanunkhiza zigubu zija, ukunena zoona, wina akutapa mankhwala n'kuthiramo madzi. Anati Lamulungu akazitsegula zonse payekha kulibe anthu."

"Anauzanso ndani?"

"Sindikudziwa. Koma munthu wa malamulo ngati uja sakanalowa Lamulungu osadziwitsa alonda."

Stella akudzuka, bamboyo anawerama n'kuvula jombo zake, nazipukuta fumbi ndi dzanja la malaya.

"Mukapita ku malayini mukapatse mkazi wanga Rosa. N'zatsopano, mlamu wanga zimamukwana. Zisapse pachabe."

Stella anafuna kuwakalipira kuti asiye zamalodza, koma anangonyamula jombozo.

*

Nyumba za ku malayini n'zogundana ziwiriziwiri, denga limodzi. Stella atafika pa nambala 16 anapeza a nyumba yogundana nayo akutulutsa matiresi, mipando ndi mbale, n'kumaunjika pansi pa mtengo wa mapeyala patali ndithu. Palibe anamupatsa moni. Anthu amene dzana ankapemphana mchere lero ankasamutsa katundu kuti moto wa mnzawo usawapsereze.

Mayi Rosa anali khale pakhomo, mayi wamfupi wa mawu othamanga ngati matalala pa malata. Ataona jombo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Amupha kale?"

"Ali moyo, mayi. Ndithandizeni akhalebe moyo. Khadi lija alipo wina ankalibwereka?"

"Kubwereka? Ngakhale ine mkazi wake kulikhudza kumakhala mlandu! Limachoka pa msomali m'mawa, limabwerera pa msomali madzulo, basi. Januwale uja atagona m'chipatala ndi chibayo linakhala pamenepo sabata ziwiri mpaka kangaude anamangapo nyumba. Ndipo anthu awa, mana, mchemwali wanga, anthu awa! Ana awo ndinawalandira ndine pobadwa, lero akuti ndife obwera, akuti a kutsidya ndi a mipeni. Zaka makumi atatu tikudya nawo limodzi kalongonda, lero ndife obwera?"

"Januwale masiku ati?"

Mayi Rosa analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku ka kuchipatala kokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Anagonekedwa pa 9, anatulutsidwa pa 22. Stella anakhala pa khonde, natulutsa mapepala a a Godwin m'chikwama. Dzana ndi dzulo ankangoyang'ana tsamba lomaliza, la Lamulungu, monga aliyense akanachitira. Tsopano anabwerera m'mbuyo ndi chala.

Pa 11 Januwale, 00000023. Pa 14, 00000023. Pa 18, kawiri. Mwini khadi ali pa bedi la chipatala, khadi lili ndi kangaude pa msomali.

Anapitiriza kubwerera mpaka tsamba loyamba, la kumayambiriro kwa Disembala, ndipo apo anaona chinthu china. Manambala a pamenepo anali aatali, zilembo khumi: 1000000023. Kuyambira pa 12 Disembala onse anafupika, zilembo zisanu ndi zitatu.

"Mayi, amene amasamala makina a chitseko ndani?"

"Emma, wa ku Chinakanaka uja, wa magalasi. Ali ku ofesi ya kumtunda."

Kumanda kunamveka kulira kwa makasu a adzukulu. Nthawi inali itadutsa 11 koloko.

*

Emma anali mayi wa zaka za m'ma sate, ndipo ofesi yake inali kachipinda kodzaza nthambo ndi mabokosi. Stella atayala masamba awiri aja patebulo, la Disembala ndi la Lamulungu, Emma anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, kuwapukuta, ngati kuti vuto lili pa magalasipo.

"Bwanji manambala anafupika?" anafunsa Stella.

"Ndi kankhani kakang'ono ka makina, Sajeni. Sikakhudza..."

"Achemwali, 3 koloko munthu akuwotchedwa chifukwa cha pepala ili. Kankhani kakang'onoko ndikufuna ndikamve konse."

Emma anatseka chitseko.

"Kale chitseko chija chinkayendetsedwa ndi kompyuta yaikulu imene inali pansi pa tebulo ili. Disembala mphenzi inaiotcha. Yatsopano ikanachedwa miyezi, ndiye ndinatenga kamakina kakang'ono, kosaposa chikhatho changa, n'kukapachika m'nyumba ya mankhwala momwemo. Pulogalamu ndinangoisamutsa mmene inalili." Anatsegula laputopu n'kuitembenuza. "Pali kachigawo kamene kamakhala mkatikati mwa makina, ife timati m'kenelo, kamene kamalankhula ndi chitseko. Ndinakalemba ndine. Khadi likakhudza, kamalemba mzere umodzi. Koma kuti kalembe nambala umayenera kukauza muyeso wa nambalayo. Ndi apa."

Chala chake chinaloza tizilembo pakati pa mzere wautali: %08lx.

"Muyeso umenewu dzina lake long. Tsoka lake, long si imodzi pa makina onse. Ubongo wa kompyuta yakale unali wa mabiti 64, wa kamakina aka ndi wa 32."

"Lankhulani Chichewa."

"Mukapita ku msika wa Limbuli n'kunena kuti ndikufuna ndowa ya chimanga, wina akupimirani chindowa chachikulu, wina kandowa kochapira matewera, onse akuti ndowa. Long ya kompyuta yakale inali chindowa, zilembo khumi zonse zinkalowa. Ya kamakina aka imalandira zisanu ndi zitatu zokha. Zotsala zimatayika, ndipo zimatayika za kumutu. Ulipo muyeso wina wosasintha pa makina alionse, ndi umene ndinayenera kulemba poyamba pomwe. Sindinaulembe."

"Simunaone kuti manambala afupika?"

"Ndinaona tsiku lomwelo." Misozi inayamba kulengeza. "Koma chitseko chinkatseguka bwinobwino, chifukwa chitsekocho chimawerenga nambala yonse, ndi polemba pokha pamene mutu umaduka. Ndinati ndikonza mawa. Mawa lake ndi lero, Sajeni."

"Mutu wodukawo umanena chiyani?"

"Kampani inagula makhadi mabokosi awiri. A anthu a m'munda amayamba ndi 10, a ku ofesi ndi akuluakulu amayamba ndi 20. Ndipo bokosi lililonse linayambira pa wani."

Stella anaika chala papepala la Lamulungu. "Ndiye kuti 23 alipo awiri."

Emma anagogoda pa laputopu n'kutulutsa mndandanda wa makhadi ololedwa kutsegula chitseko chija. Unalibe maina, manambala okha anayi: 2000000004, 2000000031, 1000000023, 2000000023.

"Wa 31 ndi a Pilato, ali papepalapo Lamulungu m'mawa," ananong'ona Emma. "Wa 4 ndi a manejala, ali ku Blantyre sabata yachiwiri ino. Woyamba ndi 10 ndi a Andrea."

"Wotsalayo?"

"Buku la makhadi a ku ofesi sindisunga ine. Ndipo pa khadi penipenipo nambala inaphimbika ndi chithunzi chomatidwapo."

"Amasunga ndani bukulo?"

Funsolo linali la mwambo chabe, yankho onse ankalidziwa. Stella anakumbukira munthu amene anathamanga ndi buku limodzi lokha, la a m'munda. Anakumbukiranso njerwa. Mtembo unapezeka chitseko chili chotsekula, chopingidwa ndi njerwa, ndipo kuyambira Lamulungu a Godwin ankakalipira aliyense woyandikira njerwayo, amvekere ndi umboni wa boma. Wakupha wanji amene amasiya chitseko pululu kuti mtembo upezeke msanga? Ndi amene sakufuna kudzauzidwa pamaso pa anthu kuti, bwana, tatsegulani ndi khadi lanu.

Panja panamveka nsapato zolemera pa simenti, kenako chitseko chinatseguka popanda odi. A Godwin anadzaza khomo lonse, chibonga chakuda chili m'chiuno, khadi likulendewera pachifuwa pa chingwe chofiira. Emma anatseka laputopu mofulumira kwambiri moti aliyense wamaso akanaona.

"Aaa, Madamu Sajeni, muli kuno kodi! Mukuphunzira kompyuta pa ukalamba?" Anaseka chiseko chawo chachikulu chija, maso osaseka nawo. "Ine ndabwera ndi malangizo a mkulu. Anthu akamachoka kumanda, inu ndi Winston mukayendere minda ya kumtunda. Zimene zichitike zichitike zokha. Palibe adzakuimbeni mlandu, mlatho ndi umene unapita. Muli ndi ana, si choncho? Awiri, ku Chisitu?"

Stella anali asanawauzepo za ana ake, ngakhale kumene amakhala.

"Zikomo, bwana," anatero, ndipo anadabwa kuti mawu atuluka owongoka. "Koma lipoti langa likusowa miyeso ya m'chipinda muja. Tikumane ku nyumba ya mankhwala hafu pasiti thu, mundigwirire tepi."

A Godwin anayang'ana laputopu, anayang'ana Emma, kenako anamwetulira. "Ndidzakhalapo."

Nsapato zija zitazimirira, Emma anagwira mkono wa Stella. "Adziwa. Mayo, adziwa! Ine ndimagona ndekha, Sajeni."

"Mungakonze mzere uja muli pompano?"

"Ola limodzi. Koma ndikakonza, aliyense adziwa kuti ndine ndinalakwitsa. Ntchito yanga yatha."

"Mwina yathadi," anatero Stella, poti kunama panalibe nthawi yake. "Wakale musaufufute. Khadi likakhudza, makina alembe mizere iwiri, wopanda mutu ndi wa mutu. Khamu silimva za ndowa zanu, lifunika lione ndi maso."

*

Msewu wochokera kumanda kupita ku polisi umadutsa pakhomo penipeni pa nyumba ya mankhwala. Stella anadalira chimenecho, ndi mayi awiri amantha. Emma anamuuza akabisale ndi laputopu m'mizere ya tiyi kuseri kwa nyumbayo. Mayi Rosa anawapatsa khadi la amuna awo.

"Mukapite kumanda. Mukaike khadi ili m'manja mwa namfedwa, mayi Anesi, mkazi wa a Pilato, mukawauze aligwire asalisiye mpaka afike pa nyumba ya mankhwala."

"Kumanda? Ine? Andiponya m'dzenje lomwelo!"

"Mwina. Koma mukapanda kupita, jombo zija avaladi mlamu wa amuna anu."

Hafu pasiti thu chifunga chinali chitatsika m'phiri, kamvula ka chiperoni kakuwaza. A Godwin anafika okha. Analowa patsogolo, akulankhula za kununkha kwa mankhwala, ndipo Stella, polowa pambuyo pawo, anakankha njerwa ija ndi chidendene.

Chitseko chinabwerera chokha. Khwaa! Loko anagwira.

M'katimo munatsala kuwala kwa kazenera ka mpweya kokha, kokwera, ka zitsulo. Fungo linali lobaya m'mphuno, ndipo pansi, pakati pa zigubu za buluu, panali banga lakuda limene mchenga wothiridwapo sunabise.

"Pepani, bwana, phazi langa," anatero Stella. "Tatsegulani, tibanika muno."

A Godwin sanasunthe. Dzanja lawo linakwera mpaka pa chingwe chofiira, n'kutsikanso.

"Khadi la Andrea muli nalo inu. Tsegulani ndi limenelo."

"Ndalisiya."

"La Pilato?"

"Lili ku polisi. Lanu lavuta chiyani, bwana? Si lololedwa pachitseko pano?"

Kunja, kutali, nyimbo ya maliro inali itatha. Imene inkamveka tsopano inali ina, yothamanga, ya amuna okhaokha, ndi kulira kwa zikwanje zokhulidwa pa miyala ya mumsewu. A Godwin anasolola chibonga pang'onopang'ono. Stella anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda zigubu. Mfuti anali ataisiyira a Winston. Anaganiza za ana ake awiri, kuti m'mawa uja sanawaimbire foni.

"Mkazi wochenjeretsa iwe," anatero a Godwin motsitsa, ulemu wonse utatha. "Pilato nayenso anachenjeretsa. Ndinamuuza kuti tseka zigubuzo, tigawana, ogula alipo kutsidya. Iye amvekere akauza manejala. Anaima pomwe waimapo iwepo."

"Mukandimenya, mutuluka bwanji?" anafunsa Stella. "Chitseko n'chomwechi, khadi n'lomwelo. Mutsegula muli ndi mtembo wa wapolisi kumbuyo, kapena mutsegula tsopano anthu asanafike. Kumtunda kuli nkhalango, bwana, mukhoza kuthawa. Koma mphindi zikutha."

Nyimbo ija inkayandikira. A Godwin anakweza chibonga, ndipo Stella anatsinzina. Anamva mpweya wawo pankhope pake, fungo la fodya ndi thukuta. Anadikira, koma chimene chinamveka ndi kulira kwa makina: tii!

Chitseko chinatseguka. A Godwin anatuluka mwaliwiro, n'kuima chiriri pakhomo penipeni, chitseko chikali m'dzanja. Khamu linali litakhota kale pakona, anthu osachepera mazana awiri, zikwanje, mipini, tayala la thirakitala likugubuduzidwa patsogolo. Njira ya kumtunda nayo inali itadzaza. Stella anadzipanikiza pakati pa iwo ndi mphuthu, n'kutulukira panja akufuula ndi mphamvu zonse:

"Emma! Bweretsani kuno!"

A Godwin ataona laputopu ikutuluka m'tiyi, nzeru zinawathawa. Anabwerera m'kati chafutambuyo, ndipo chitseko chinadzitsekanso chokha.

*

"Chokani panjira, apolisi! Tikufuna wakutsidya uja!"

Anali mchimwene wa malemu, chigubu cha petulo chili m'manja. Stella anaima pa sitepe, manja m'mwamba.

"Mayi Anesi ali kuti? Ndilankhula ndi mayi Anesi okha!"

Khamu linang'ung'udza, kenako linapatuka. Namfedwa anatulukira atagwiriziridwa ndi amayi awiri, duku lakuda lili m'maso, ndipo pambuyo pake mayi Rosa, mlomo ukuchucha magazi pamene wina anawamenya mbama kumanda. M'dzanja la mayi Anesi munali khadi.

"Mayi, khadi mwagwiralo ndi la ndani?"

Mayi Anesi analiyang'ana. "Chithunzichi ndi cha a Andrea."

"Mwaligwira kuyambira liti?"

"Kuyambira akuthira dothi."

"A Andrea ali kuti?"

"Mwawatsekera inu."

"Nonse mwaona amene watsegula chitseko ichi pompano?"

"A Godwin!" anayankha angapo. "Ndiye zikutikhudza chiyani?"

Emma anakwera pa sitepe, laputopu ili m'manja. Aliyense wothyola tiyi amadziwa kuwerenga nambala ya khadi lake papepala la kusikelo, ndiyo moyo wake wa tsiku ndi tsiku, choncho mayi Anesi sanafune wowawerengera. Anasendeza duku, nawerama.

"Pali mizere iwiri," anatero ndi mawu osasa. "Wapamwamba ukuti ziro, ziro... twente-fili. Ngati papepala paja." Anayang'ana khadi lili m'dzanja lawo, nayang'ana chitseko. "Wapansi ukuyamba ndi twente. Athu a m'munda amayamba ndi teni."

"Ndine ndinalakwitsa," anatero Emma mokweza. "Kuyambira Disembala makina akhala akudula mutu wa nambala iliyonse. Makhadi a 23 alipo awiri. Ndinadziwa kuti manambala afupika, sindinakonze. Pepala lija silinanene kuti a Andrea. Anasankha dzina ndi amene anabweretsa buku."

Kenako mlonda wina wokalamba analankhula kumbuyo, ngati akudzilankhulira yekha, kuti Loweruka a Pilato anabweradi ku geti kudzanena kuti mawa alowa m'nyumba ya mankhwala, ndipo iye anakauza a Godwin.

Eee, khamu n'chilombo chopanda manyazi. Pakamwa pomwe paja pankatchula Andrea panayamba kutchula Godwin, osapumira n'komwe. Tayala linagubuduzidwa kufika pa sitepe. Wina analoza kazenera ka mpweya, amvekere thirani petulo pamenepo, apsere limodzi ndi mankhwala akewo. M'katimo munamveka munthu wamkulu uja akulira ngati mwana, akumenya chitsulo ndi zikhatho.

"Emma, chotsani khadi lawo pa mndandanda, asatuluke," ananong'ona Stella, natsamira chitseko ndi msana, manja atatambasula. Mantha ake anali omwe aja a m'mawa, dzina lokha ndi limene linasintha. "Uyu ndi wa boma! Mlatho ukakonzedwa apita kukhoti. Wofuna kumuotcha ayambe ndi ine!"

Mwala woyamba unagunda chitsulo pafupi ndi khutu lake. Mchimwene wa malemu anatsegula chigubu n'kukwera sitepe yoyamba.

Mayi Anesi anamugwira dzanja. Sanalimbane naye, anangotenga chigubucho ngati akulanda mpeni kwa mwana, nachitseka, nachiika pansi patsogolo pa chitseko, n'kukhalapo.

"Alamu, mukanaotcha munthu wosalakwa m'dzina la mwamuna wanga, ine ndikukuimbirani nyimbo. Lero ndaika munthu mmodzi. Wakwana."

Palibe anayerekeza kudutsa namfedwa wa dothi la kumanda kumapazi. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mvula ikuwanyowetsa, kenako a kumbuyo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osayang'anana. Tayala linatsala lokha mumsewu. Mayi Anesi anatambasula dzanja n'kupereka khadi kwa mayi Rosa, koma maso sanathe kuwadzutsa.

Stella anaitana a Winston pa foni kuti abwere ndi mfuti adzalondere chitseko, ndipo iye mwini anatsika ku polisi ndi mayi Rosa, amene anapatukira ku malayini n'kumupeza panjira atakumbatira kanthu m'chitenje. Atatsegula chitolokosi anapeza a Andrea atagwada pakona, nkhope kukhoma, manja ataphimba makutu. Anali atamva nyimbo ija ikuyandikira, ndipo kutseguka kwa chitseko anakuyesa kufika kwa anthuwo. Sanacheuke.

"Ndakonzeka," anatero. "Koma musachedwetse."

Mayi Rosa anamasula chitenje, naika jombo zija pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Valani, bambo. Kunja kuli matope."